MASIKU OGULIDWA NDI MWAZI

Phunziro la kuwerenga pa nyumba ndi m'misonkhano ya pakati pa sabata.
Yambani mwawerenga Marko 15:6-15 ndi 2 Akorinto 5:14-21.

Buku limene liri m'manja mwanu ndi buku la masiku. M'menemo mwalembedwa miyezi yonse ya caka ndi masabata ace, ndipo munthu ali yense apenyamo cimene afuna. Mlimi awerenga masabata otsala kuti mvula igwe. Mai ayang'ana tsiku limene ana adzatsekera sukulu. Mkulu wa mpingo afuna kudziwa kuti Paskha adzakhala liti. Zonsezi nzabwino. Koma liripo funso lina limene tiyenera kufunsa tisanayambe kudya masikuwa limodzi limodzi, ndilo ili: kodi masiku amenewa ndi a yani?

Ambiri adzayankha msanga, nati, "Ndi anga. Wodzuka m'mamawa ndine, wogwira khasu ndine, thukuta ndi langa." Mtumwi Paulo ayankha mosiyana. Polembera Akristu a ku Korinto awauza kuti popeza Mmodzi analowa m'imfa m'malo mwa anthu onse, otsalawo sali odzilamulira okha monga kale. Moyo wao tsopano uli ndi mwini wace, ndiye Iye amene anaikidwa m'manda cifukwa ca iwo, natulukamo wamoyo. Kuti mau amenewa atilowe bwino, tiyeni tione anthu awiri amene imfa inawalambalala cifukwa wina anaima pa malo pao.

1. Baraba atuluka m'ndende

Alembi onse anai a Uthenga Wabwino amchula munthu uyu. Marko ndi Luka atiuza kuti anamangidwa cifukwa ca kuukira boma, ndi kuti pa cipolowe cimeneco panafa munthu. Yohane amucha wacifwamba. Kwa Aroma malipiro a mlandu wotere kawiri kawiri anali mtanda. Baraba sanali kuyembekeza caka ca mawa, kapena mwezi wa mawa. Masiku ace anali atatha, cotsala cinali kumva mapazi a asilikari pa khomo.

Tsono panali mwambo wakuti pa nyengo ya Paskha kazembe amasule wandende mmodzi amene anthu ampempha. Pilato, amene anali ataona kale kuti Yesu alibe mlandu, anaika awiriwo pamaso pa khamu kuti lisankhe. Khamu linasankha Baraba. M'mawa womwewo citseko cinatseguka, unyolo unamasulidwa, ndipo wopha munthu anatuluka kukaona dzuwa. Koma Iye amene anaciritsa akhate ndi kudyetsa anjala anakwapulidwa, nasenzetsedwa mtengo wopacikirapo kunka nao ku Golgota.

Tiime pang'ono pa khomo la ndendeyo. Sitiwerenga kuti Baraba anapempha cifundo, kapena kuti analapa, kapena kuti abale ace anamlipirira kanthu. Anangomva kuti, "Tuluka, wina walowa m'malo mwako." Kuyambira Lacisanu limenelo cakudya ciri conse cimene anadya, ndi tulo tiri tonse timene anagona, zinali za Munthu wina.

Malembo amsiya pomwepo pa khomo, njira ziwiri ziri patsogolo pace. Yoyamba ndi ya kubwerera kwa anzace akale, kunola lupanga, ndi kunena kuti, "Ndinali ndi mwai." Yaciwiri ndi ya kutsata khamu lija kunja kwa mudzi kukapenya nkhope ya Iye amene watenga mtanda wace. Owerenga, njira ziwirizo ziri patsogolo pa ife tonse pa ciyambi ca caka cino.

2. Wandende wa nambala 5659

Munthu waciwiri ndi wa masiku a agogo athu, ndipo za iye tidziwa njira imene anasankha.

Pa nkhondo yaikulu yaciwiri, imene akulu amaicha nkhondo ya Hitler, ndi imene asilikari a dziko lino anakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma, Ajeremani analanda dziko la Poland ku Ulaya. Anthu ena a dziko limenelo anafika kuno kwathu monga othawa nkhondo, nakhala m'misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa ndi ku Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata. Koma ena ambiri anatsekeredwa m'ndende yoopsa ya Auschwitz, m'mene anthu oposa 1,000,000 anaphedwa, oculuka a iwo Ayuda.

Kumapeto kwa mwezi wa Julai 1941 wandende mmodzi anasowa. Pofuna kuopsa otsala, mkulu wina wa ndendeyo, dzina lace Karl Fritzsch, analamula kuti anthu khumi aphedwe ndi njala. Anayenda m'mizere ya andende alikuloza ndi cala, ndipo mmodzi wa olozedwawo anali Franciszek Gajowniczek, msilikari wa Poland, amene nambala yace inali 5659. Iyeyo anapfuula ndi kulira, nachula mkazi wace ndi ana ace. Pomwepo wandende wina anatuluka m'mzere, cinthu cimene cikadamphetsa nthawi yomweyo, napempha kuti alowe m'malo mwa wolirayo, pakuti iye analibe mkazi kapena mwana. Ameneyu anali Maximilian Kolbe, wansembe wa Mpingo wa Katolika, wa zaka 47. Fritzsch analola.

Khumi aja anatsekeredwa m'cipinda ca pansi pa nthaka, wopanda cakudya, wopanda madzi. Wandende amene anali kutumikira m'menemo anacitira umboni pambuyo pace kuti m'cipindaco munali kumveka mapemphero ndi nyimbo, Kolbe alikutsogolera. Atapita masabata awiri anatsala amoyo anai, ndipo pa 14 Ogasiti 1941 anatsirizidwa ndi jekiseni ya mankhwala akupha. Mtembo wa Kolbe unatenthedwa.

Nanga woomboledwa uja? Iye mwini anasimba kuti pa tsiku lija sanathe kunena ngakhale liu limodzi kwa mpulumutsi wace. Anangomyamika ndi maso. Anakhalabe m'ndende kufikira 1945. Pobwerera kwao anapeza mkazi wace ali moyo, koma ana ace amuna awiri, omwe aja anawalirira m'mzere, anali atafa ndi mabomba caka comweco. Taonani, kuomboledwa sikunamcotsere misozi ya pansi pano. Anasimbanso kuti kwa nthawi yaitali mtima wace unamtsutsa, monga ngati ndiye anapha wansembeyo. Koma pambuyo pace anazindikira kuti Kolbe anapereka moyo wace mwa kufuna yekha, ndi kuti mphatso yotere siilandiridwa ndi manyazi.

Gajowniczek anamwalira m'caka ca 1995 ali ndi zaka 93. Cotero anaonjezeredwa zaka 53, ndiwo masiku oposa 19,000. Kubweza sakadatha, pakuti akadabwezera yani? Wompatsayo anali phulusa. Cimene anatha ndico anacita: anayenda m'maiko ambiri, ku Ulaya ndi ku America, nauza anthu zimene mnzace anamcitira, ndipo anayesa nchito imeneyi udindo wace kufikira mpweya utamthera. Masiku amene anapatsidwa anawagwiritsa nchito pa kukweza dzina la wompatsa.

3. Dipo loposa onse

Nkhani imeneyi igwira mtima, komatu ndi mthunzi cabe. Kolbe anafera wandende mnzace, munthu wa mtundu wace, wosamlakwira kanthu. Paulo akumbutsa Aroma kuti nkobvuta kupeza wofera ngakhale munthu wolungama, koma Kristu anatifera ife tisanatembenuke, tikali adani a Mulungu (Aroma 5:6-10). Kolbe anangocedwetsa imfa ya mnzace zaka 53, ndipo manda anamlandirabe. Yesu anathyola mphamvu ya manda eni ace. Ndiponso cikondi cimene cinamtulutsa Kolbe m'mzere anacitunga pa citsime comweci.

Makolo athu anadziwa bwino za dipo. Kale munthu akapalamula mlandu waukulu, ndipo pa mudzi palibe colipira, abale amapereka mwana wa mlongo wace kuti akakhale cikole kwa eni mlandu. Mwanayo amatunga madzi a eni, kusinja mphale ya eni, ndi kugona pa khonde la eni. Mwini mbumba wacikondi sanali kugona tulo. Amayenda uku ndi uku kusonkhanitsa mbuzi, makasu ndi nsaru kufikira atamuombola. Pofika naye pa mudzi amai amaliza nthungululu. Tsono ndani anamvapo kuti woomboledwa wotere anadzuka m'mawa mwace, nabwerera yekha kukasinja mphale kwa ambuye ace akale? Mudzi wonse ukadamuyesa wopenga. Koma ndimo acitira Mkristu amene abatizidwa, nadya Mgonero, nabwereranso ku cigololo, ku kuledzera ndi ku zithumwa. Petro atiuza kuti dipo lathu silinali la ndalama. Linali mwazi wa Kristu mwini (1 Petro 1:18-19).

Makolo anadziwanso za nsembe. Mvula ikakana amapita ku kacisi ndi ufa ndi mowa. Wopereka anali munthu, wolandira anali mzimu, ndipo munthu amabwerako ndi mtima wokayika ngati nsembe yace yakwanira. Pa Golgota zinthu zinatembenuka: wolakwiridwayo ndiye anatulutsa nsembe, ndipo nsembeyo inali Mwana wace. Palibenso cotsala cakuti ife tionjezerepo.

4. Kubweza ndi kuyamika

Apa mpamene ambiri asokera. Moyo wa pa mudzi uyenda ndi kubwezerana. Akulu anati, "Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako," natinso, "Kupatsa nkuika." Wandilimira lero, ndidzamlimira mawa, anabwera pa maliro a kwathu, ndidzapita pa maliro a kwao. Mwambo umenewu ngwabwino pakati pa anthu, koma tikautengera kwa Mulungu tiyamba kumuyesa mwini sitolo wolemba ngongole m'buku. Pamenepo munthu aganiza kuti copereka cace, kubwera kwace ku mapemphero, ndi njerwa zimene anaumbira chalichi zicepetsa ngongoleyo pang'ono pang'ono.

Tiwerengere pamodzi. M'fanizo la pa Mateyu 18:23-35 kapolo wina anali ndi ngongole kwa mfumu ya matalente 10,000. Talente imodzi inali madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku limodzi. Cotero ngongole yonse inali ganyu wa masiku 60,000,000, ndizo zaka zoposa 160,000. Kapoloyo analonjeza kuti adzabweza zonse akapatsidwa nthawi! Mfumu sinampatse nthawi, inamkhululukira. Ndimo iliri ngongole yathu. Wofuna kuibweza sanaiwerenge bwino.

Kulakwa kwaciwiri ndi kwa munthu amene ati, "Popeza zonse zalipiridwa, ndikhale monga ndifuna." Ameneyu afanana ndi akhate asanu ndi anai amene anaciritsidwa, napitirira ulendo wao osaceuka (Luka 17:11-19). Mmodzi yekha anabwerera, ndiye Msamariya. Sanabwere ndi mbuzi kapena ndalama. Anabwera iye mwini, nagwa pa mapazi a Yesu.

Kumeneko ndiko kuyamika. Wobweza ngongole awerenga zimene wapereka, nayembekeza tsiku lakuti amasuke kwa mwini cuma. Woyamika sawerenga, ndipo safuna kumasuka. Afuna kukhala pafupi ndi amene anamkonda. Cifukwa cace Paulo, atatha kufotokoza zacifundo za Mulungu m'mitu khumi ndi umodzi, apempha Aroma kuti apereke matupi ao (Aroma 12:1). Achula matupi, pakuti thupi ndilo ligwira khasu, ligwira sikelo, ligwira cikho, ndilo lilowa m'nyumba ya mwini usiku kapena kukana kulowamo.

5. Caka ca munthu woomboledwa

Tsono tiyeni tiyende m'caka ciri patsogolo pathu, tione kumene kuyamika kuonekera.

M'dzinja. Mvula yoyamba ikagwa ali yense athamangira munda wace, ndipo ndi bwino. Koma m'mudzi uli wonse muli nkhalamba kapena mkazi wamasiye amene munda wace utsalira, udzu numera pamodzi ndi cimanga. Inu amene muli ndi ng'ombe zolimira, tsiku limodzi mwa masiku ogulidwa aja silingapite ku munda umenewo kodi? Musayembekeze kuti adzakuphikirani mowa kapena kudzakulimirani mawa, alibe. Cifukwa cace comweco mpamene pafanana ndi cimene Kristu anakucitirani.

Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene iyesa Cikristu cathu koposa. Nkhokwe zambiri ziri pululu, ana alira, ndipo anthu ayenda kufuna ganyu. Pa nthawi yotere munthu wa cimanga akhoza kulimitsa munda wonse ndi mbale imodzi ya gaga, popeza wanjala sakana. Akhozanso kukongoza mwa kaloba, thini limodzi lero kuti pa masika alandire awiri kapena atatu. Boma mwina silidzamgwira, ndipo pa Sabata adzakhala pa mpando wa patsogolo. Koma akumbukire kapolo wa m'fanizo lija, amene atangokhululukidwa zaka 160,000 anagwira mnzace pa khosi cifukwa ca madinari 100, ganyu wa miyezi itatu ndi masiku owerengeka. Lipirani waganyu monga mukadafuna kuti mwana wanu alipiridwe. Ndipo inu amene muli nazo zocepa musati, "Mau awa ndi a olemera." Mipingo ya ku Makedoniya inali yosauka ndithu, koma inacita kumuumiriza Paulo kuti ailole kuthandiza abale a ku Yudeya (2 Akorinto 8:1-5). Pa cilala ca 2024 ambiri a ife tinaona kuti wogawa msanga kawiri kawiri ndi amene adziwa njala.

Pa masika. Zokolola zikalowa tipita nazo zina ku nyumba ya Mulungu. Kodi tisankha ziti? Mneneri Malaki anadzudzula anthu a masiku ace cifukwa anabwera ku guwa ndi nyama zakhungu ndi zopunduka, nawafunsa ngati kazembe wao akadalandira zotere (Malaki 1:8). Ife sitipereka nkhosa, koma tidziwa cimanga cofumbwa ndi dzungu loyamba kuola. Mulungu sanatisankhire cotsalira.

Pa masika mpamenenso tigulitsa. Alipo amene awaza madzi m'thonje kuti lilemere, amene athira mcenga pansi pa thumba la nshawa, amene abisa fodya woipa pakati pa wabwino. Alipo ogula amene sikelo yao idya mbali imodzi. Onsewo ati, "Acita cotero ndi onse." Mbale, manja amene alandira mkate wa Mgonero ndi omwewo amanga thumba. Wogula wakunja sawerenga Buku Lopatulika, koma thumba lanu adzalitsegula, ndipo m'menemo adzawerenga za Mbuye wanu.

M'cilimwe. Nchito ya kumunda yacepa, ndalama ziri m'thumba, ng'oma zilira usiku. Iyi ndiyo nyengo imene cuma ca caka conse citha m'masabata atatu pa mowa ndi kacasu, mkazi natsala wopanda citenje, ana nabwezedwa ku sukulu cifukwa ca kusowa zobvala ndi makope. Ndiyonso nyengo imene amuna ena apita ku Lusaka kapena ku migodi, naiwala kuti anasiya banja. Paulo auza amuna kuti muyeso wa cikondi cao pa akazi ao ndi Kristu mwini, amene anadzipereka cifukwa ca Mpingo (Aefeso 5:25). Mwamuna amene ati, "Ndikhoza kufera banja langa," ayambe ndi zazing'ono: akhale pansi ndi mkazi wace powerenga ndalama za thonje, afolere nyumba mvula isanadze, dzanja lace lisamkhudze mkaziyo ndi ukali. Kufa kamodzi nkwapafupi kusiyana ndi kudzikana masiku 365.

Pa matenda ndi pa maliro. Izi sizilembedwa m'buku la masiku, koma zidzafika. Mwana akadwala, ndipo mankhwala a ku cipatala acedwa kugwira nchito, abale adzabwera usiku ndi kunong'ona kuti, "Tiyeni tikaombeze." Ng'anga siilephera kupeza mfiti, ndipo kawiri kawiri cala cace cigwera nkhalamba yosauka yopanda woiteteza. Ku Auschwitz cala cinaloza, ndipo Mkristu anatuluka m'mzere kukaima pa malo a wolozedwa. M'midzi yathu cala cikaloza agogo, Akristu tiima mbali iti? Kukana kuombeza kudzakudanitsani ndi abale, ndipo ena adzati, "Mwina mfitiyo ndiwe." Akulu anati, "Walira mvula walira matope." Wotsata Yesu asadabwe matope akamgwira.

Maliro akatha, katundu wa womwalira ayamba kuyang'anidwa. Boma linaika lamulo m'caka ca 1989 lakuti munthu akafa wosalemba za cuma cace, theka likhale la ana, ndi gawo limodzi mwa magawo asanu likhale la mkazi kapena mwamuna wotsala. Koma lamulo liri ku boma, ndipo ng'ombe, njinga ndi malata ziri ku mudzi. Cimene citeteza mkazi wamasiye pa tsiku limenelo ndi mbale mmodzi wa mwamunayo amene aimirira pakati pa abale ace, nanena kuti, "Izi nza ana." Yesu ali pa mtanda, m'kati mwa zowawa, anasamalira za kumene amace adzakhala (Yohane 19:26-27). Wogulidwa ndi mtanda umenewo sangatulutse mkazi wamasiye m'nyumba.

Pa kukhululukira. M'mipingo yathu muli anthu amene akhala zaka osapatsana moni cifukwa ca malire a munda, kapena mbuzi imene inadya cimanga, kapena mau amene ananenedwa pa mtondo. Adya Mgonero pa gome limodzi, natuluka pa makomo awiri. Ali yense ati, "Ayambe ndi iye, pakuti wolakwa ndiye." Mulungu akadayembekeza kuti wolakwa ayambe, bwenzi tiri kuti lero? Sankhani tsiku m'buku lino, mulilembe cizindikiro, ndipo pa tsiku limenelo mupite. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Pa kucitira umboni. Gajowniczek sanali mlaliki wophunzira; anangonena cimene cinamcitikira. Inunso simusowa kupita ku sukulu ya ubusa kuti muuze mwana wanu, mlamu wanu, kapena mnzanu wa pa dimba kuti, "Ndinali womangidwa, ndipo wina analowa m'malo mwanga." Koma mau anu adzalemera monga mwa makhalidwe anu. Anthu a pa mudzi adziwa cikomekome ca mkuyu, ndipo sacedwa kuung'amba kuti aone nyerere.

6. Mau kwa amene wagwa

Kapena wina powerenga izi mtima wace walemera, nati, "Caka catha ndinacita zonse zimene zachulidwazi. Ndinadyera anjala masuku pamutu, ndinapita kwa ng'anga, ndinaipitsa ukwati wanga. Masiku ogulidwa ndi mwazi ndinawataya ku dzala." Mbale, mlongo, kumbukirani Petro. Analumbira kuti adzafa pamodzi ndi Mbuye wace, ndipo usiku womwewo anamkana katatu pamaso pa anchito a pa bwalo. Atauka Yesu anamfuna m'mbali mwa nyanja, namkonzera cakudya. Sanamwerengere mlandu wace. Anamfunsa katatu za cikondi cace, ndipo pa yankho liri lonse anampatsa nchito ya ubusa (Yohane 21:15-17).

Mwazi umene unagula masiku anu oyamba ndi wokwanira kugula otsalawo. Cotero musakhale kutali ndi mpingo cifukwa ca manyazi. Pitani kwa mkulu wa mpingo kapena kwa mbusa, muulule. Ngati mwasungidwa pa cilango, cilandireni monga mankhwala. Cimene cingabwezedwe kwa munthu mnzanu cibwezeni, monga anacita Zakeyu. Cimene sicingabwezedwe cisiyeni pa mtanda. Ndipo inu akulu a mpingo, wolapa akabwera mumlandire monga munalandiridwa inu.

Palibe mmodzi wa ife adziwa ngati adzafika pa tsamba lotsiriza la buku lino. Ena amene anawerenga nafe caka catha tinawaika m'manda. Koma tsiku la lero tapatsidwa, ndipo mtengo wace tiudziwa. Tiligwiritse nchito monga anthu odziwa mwini wace.

Mafunso a kukambirana

1. Kodi Baraba anacitapo ciani kuti amasulidwe? Nanga ife?
2. Fotokozani kusiyana kwa munthu wobweza ngongole ndi munthu woyamika. Inu mufanana ndi uti popereka copereka canu?
3. Gajowniczek anapeza ana ace atafa. Kodi tingamuyankhe bwanji Mkristu amene ati, "Ngati Mulungu anandikonda, mabvuto awa acokera kuti?"
4. Chulani mwa mtima nkhalamba kapena amasiye a m'mudzi mwanu amene munda wao utsalira. Mpingo wanu udzacitapo ciani mvula isanagwe?
5. Ndi nyengo iti ya caka imene inu mugwa kawiri kawiri? Mudzakonzeka bwanji isanafike?

Pemphero

Ambuye Yesu, Inu munalowa m'malo mwathu tisanakupempheni, ndipo tiribe kanthu kakubwezera. Landirani masiku a caka cino, pakuti ndi anu. Mukhale nafe kumunda ndi pa msika, m'nyumba ndi pa maliro. Mutipatse mtima wolimba kuima pamodzi ndi wolozedwa cala, ndi mtima wofewa kukhululukira amene atilakwira. Tikagwa mutidzutse, monga munadzutsa Petro. Ndipo masiku athu akadzatha mutilandire kwanu, cifukwa ca mwazi wanu wokha. Amen.